Magazi a Hidaya

Dokotala Hidaya Latif anamwalira Lachiwiri, pa 11 Febuluwale 2025, m'chipatala ku Lilongwe, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo kwawo ku Chikombe, m'boma la Salima. Anali ndi zaka 44. Matenda amene anamutenga ndi omwe ankafufuza ku Cape Town: khansa ya m'magazi.

Edina, mnzake wa kuntchito ku Cape Town, anafika tsiku la sadaka, a Shehe atamaliza kale mapemphero a dua. Anapeza mayi Esha, amayi a malemu, akusankha mpunga m'lichero pakhonde. Anwar, mchimwene wa Hidaya, ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, poti nyengo imeneyi asodzi saloledwa ku chilumba cha Mbenji.

Atapepesa maliro, Edina anakhala pamphasa, manja ali pamaondo.

"Mayi, ndabwera ndi nkhani ina. Hidaya atadziwa kuti akudwala, anapereka magazi ake kuti tizifufuzirapo. Tinawasunga m'filiji yozizira kwambiri. Maselo ake, tizigawo ting'onoting'ono ta magaziwo, akadali amoyo."

Lichero linaima.

"Amoyo?"

"Tikawasungunula, amayambanso kuchulukana."

Anwar anaponya ukonde pansi. "Ndiye mchemwali wanga mwamuika pa ayezi ngati chambo chopita ku Lilongwe?"

"Anasankha yekha, achimwene. Koma anandiuza kuti akapita, mawu omaliza akhale a amayi. Mukakana, tidzawabweretsa kuno."

"Abweretseni! Munthu amasambitsidwa, amakulungidwa m'sanda, amaikidwa yense. Tsiku la Kiyama akadzuka bwanji, mbali ina ili kwa azungu?"

Mayi Esha sanamuyang'ane mwana wawoyo. Anatola kamwala mumpunga n'kukaponya pabwalo.

"Mayi Edina, tandiuzani. Mwana wanga ankagwira ntchito yanji kwenikweni? Kuno tinkangoti dokotala wosabaya jakisoni. Akabwera, anthu ankadzaza pakhomo pano ndi malungo awo, iye n'kuwauza kuti apite kuchipatala. Ine ndinkachita manyazi. Akayamba kufotokoza, ndinkati bwera undithandize kupala nsomba."

Edina anafotokoza mwapang'onopang'ono. Hidaya ankatenga asilikali a m'thupi la wodwala, n'kuwaphunzitsa kuzindikira khansa, kenako n'kuwabwezera m'thupi kuti akamenyane nayo. Njirayo sanayambitse ndi iye, koma ankafufuza ngati ingagwire bwino kwa anthu a kuno, amene magazi awo sapezeka kwenikweni m'kafukufuku wotere. Zolemba zake ofufuza a ku India, ku Brazil ndi ku Germany amazitchula m'ntchito zawo. Ophunzira ake awiri anali pakati pa kafukufuku wodalira maselo omwewo.

"Nanga zachiritsa angati?" anafunsa Anwar.

"Zake zokhazokha, palibe pakadali pano. Sindingakunamizeni."

"Mwamva, amayi? Ngakhale mwini wake sizinamuchiritse."

"Ndamva," anatero mayi Esha. "Ndamvanso kuti lero magazi a mlongo wako ukuwafuna. Mu Julayi, pamene iye ankapempha ako kuti aone ngati akufanana ndi ake kuti mwina umupulumutse, unali kuti?"

"Ndinali ku Mbenji. Utaka unali ukufa. Ndinati ndipita nyengo ikatha."

"Nyengo inatha."

Anwar anatola ukonde uja. Anafunafuna pomwe anasiyira, osapapeza. Ananyamuka n'kulowera kuseri kwa nyumba.

Nkhuku inayandikira lichero. Mayi Esha anaingoyang'ana.

"M'filijimo amamva kuzizira? Ali mwana, mwera ukangoyamba, ankagona ndi zitenje zanga zonse."

"Samva kanthu, mayi."

"Ndipo ndikanena kuti abwere?"

"Tikawatulutsa, afa. Sitingawabwezerenso."

"Ndiye ndimuike kawiri." Anathamangitsa nkhuku ija. "Ndikafunsa a Shehe. Koma a Shehe nawonso ayamba afunsa ine kuti mwana wanga ankatani. Dzulo sindikanawayankha."

Minibasi ya ku boma inkanyamuka masana, ndipo Edina anatsanzika. Mayi Esha anamuperekeza mpaka pampanda. Atafika pamenepo anamugwira chibwano, n'kumutembenuzira kudzuwa, n'kukokera pansi chikope chake ndi chala chachikulu.

"Yang'anani kumwamba."

Edina anayang'ana kumwamba. Chala chotere ankachidziwa. Hidaya ankachita zomwezo kwa aliyense kuntchito, kuyambira mlonda wa pageti mpaka pulofesa, asanapereke n'komwe moni.

"Mwayera m'maso," anatero mayi Esha. "Muzidya bonongwe ndi usipa. Ine ankandiyang'ana chonchi asanatule chikwama. Ndinkamumenya dzanja."

Anachotsa chala chawo, n'kuchipukuta pachitenje, ngakhale chinali chouma.

Edina anabwerera ku Cape Town sabata lomwelo. Mwezi wa Epulo Mbenji anatsegulidwa, koma bwato la Anwar linapita popanda mwini wake. Maselo a Hidaya akadali m'filiji. Mayi Esha sanayankhebe.