Voti ya Mitengo Khumi

Kalata idabwera pa sitima yoyamba nyanja itadekha. Boma la kumtunda lidati latopa ndi kuweruza milandu ya nkhuku ndi maukonde ya anthu a pa chilumba cha Kadapani, choncho adzilembere okha malamulo a khonsolo yawo. Lidawapatsa miyezi itatu. Lidatinso m'komiti yolembayo mukhale anthu asanu ndi awiri, ndipo mmodzi achokere kwa okwera mitengo. Mawu otsirizawa ndi amene adawalanda tulo a Koya, mabanja olemekezeka a pachilumbapo.

Okwera mitengo adasankha Abusala, bambo wa zaka makumi asanu, amene mapazi ake adapindikira mkati chifukwa chokumbatira mitengo ya kokonati ya eni ake kuyambira ali mwana. Anzake adamupezera malaya oyera kuti asakawachititse manyazi.

"Ukatibweretsere voti basi," adamuuza. "Zinazo adye okha."

Sadali kufuna voti kuti azinyadira. Nyumba zawo zonse zidali pa malo a a Koya, ndipo khonsolo yatsopanoyo ndi imene inkadzagamula za wokhala ndi wosamuka. Munthu wopanda voti akadakhala ngati nkhuku pa msonkhano wokambirana za ndiwo.

Komiti inkakumana m'sukulu. Mipando idalipo isanu ndi umodzi, ndipo Abusala adamuyalira mphasa pakhomo. Wapampando adali a Nallakoya, munthu amene sankasiyana ndi ambulera yake yakuda, ngakhale m'nyumba yofolera bwino. Mwezi woyamba akuluakuluwa adakangana ngati mkulu wa khonsolo azitchedwa Mtsogoleri kapena Mtsogoleri Wamkulu. Mwezi wachiwiri udathera pa mbendera: nsomba yojambulidwapo iyang'ane kumanja kapena kumanzere. Anthu awiri adasiya kupatsana moni ku mzikiti chifukwa cha nsomba imeneyi. Ndiye nzeru zimene chilumba chidadikira zaka mazanamazana kuti zipatsidwe mpata.

Patatsala sabata imodzi, adakumbukira kuti pali nkhani ya ovota.

"Bwana," adatero Abusala ali pamphasa pake, "ine ndimati aliyense wamkulu avote. Aliyense amene ali ndi mutu."

"Mutu?" adafunsa a Nallakoya, akuyang'ana kudenga. "Nsomba nayo ili ndi mutu. Tiipatse voti?"

Enawo adaseka mpaka tiyi kutayika.

"Wovota akhale munthu amene ali ndi choti n'kutaya," adapitiriza motero. "Mitengo khumi ya kokonati, yakeyake. Lembani. Ndipo muwonjezere kuti malamulowa asasinthidwe pokhapokha tonse asanu ndi awiri titaikapo dzanja. Mawa kungabwere wina wa kumtunda wachifundo chonyanya."

Abusala adalibe mtengo ngakhale umodzi, anzake onse chimodzimodzi. Adayang'ana panja kuti misozi ya mkwiyo isaoneke, ndipo maso ake adagwera pa mtengo wa pabwalo la sukulu, pa chizindikiro chosemedwa pathunthu pake. Zizindikiro zonsezo ankazidziwa kuposa nkhope za ana ake. Chilichonse chidali cha nyumba, ndipo nyumba pa Kadapani ndi ya akazi. Mwamuna amakagona kwa mkazi wake, m'mawa n'kubwerera kwa amayi ake. Amayang'anira mitengo ya mbumba, amagulitsa, amakalipira okwera, koma chake chenicheni ndi nsapato ndi ambulera. Mwana aliyense amadziwa zimenezi. Kungoti a Nallakoya adakhala akunena kuti "mitengo yanga" kwa zaka makumi atatu mpaka adadzikhulupirira okha.

Abusala sadali munthu wachinyengo, choncho adafunsa. "Bwana, kodi mitengoyo ndi ya yani?"

"Ukuganiza kuti ndi ya agogo ako? Khala chete, iwe. Bwera udinde apa."

Abusala adadinda chala.

Kwawo adamulandira ngati wakuba. Mmodzi adati abweze malaya. Mkazi wake Kunhibi, amene manja ake adasupuka ndi kupota chingwe cha makoko a kokonati, adamuikira mbale ya mpunga mwamphamvu mpaka msuzi wa nsomba kudumpha.

"Miyezi itatu mukukhala pamphasa kuti mukatigulitse ndi chala chimodzi? Mukadatuma phazi, mwina likadakana."

"Dikira, mai," adatero Abusala. Mumtima adali ndi mantha, chifukwa ngakhale iye sadali wotsimikiza.

A Koya adapha mbuzi ziwiri, adakweza mbendera, nsomba itayang'ana kumanja. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sitima yotsatira idabweretsa malamulo aja ali ndi chidindo cha boma, pamodzi ndi kalaliki wowonda, a Kurupu, amene ankadwala nyanja ndipo ankafuna kumaliza msanga. Adayenda nyumba ndi nyumba ndi buku lakale la zizindikiro, akufunsa funso limodzi lokha: "Mtengo uwu mwini wake ndani?" Patatha masiku anayi adakhoma mayina a ovota pakhoma la sukulu. Adalipo mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Onse adali akazi.

A Nallakoya adawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako kuchokera pansi mpaka pamwamba, ngati dzina lawo lingatulukire paulendo wobwerera.

"Ichi n'chipongwe! Ine ndimayang'anira mitengo mazana asanu ndi limodzi!"

"Kuyang'anira sindikukuona apa, bambo," adayankha a Kurupu. "Apa palembedwa kuti yakeyake. Sindinalembe ndine."

Mlongo wawo wa a Nallakoya, a Sarommabi, adali pomwepo, ndolo zagolide zikulendewera.

"Achimwene, mwatikumbukira mochedwa, komabe zikomo," adatero. "Madzulo mubwere, tikuuzeni amene tikusankha."

Mawa lake Abusala ali pamwamba pa mtengo adaona ambulera yakuda ikubwera yokha pakati pa mitengo. Idaima pansi pake. A Nallakoya sadayang'anepo wokwera mitengo chokweza khosi chibadwire, ndipo atayesa, ambulera idagwera kumbuyo, dazi n'kuonekera.

"Abusala, mwana wanga, tatsika."

"Ndikumva kuno komwe, bwana."

"Pali kakulakwika kakang'ono. Tikufuna tiwonjezere kuti woyang'anira mitengo nayenso avote. Asanu asayina kale, ine wachisanu ndi chimodzi. Kwatsala chala chako."

Abusala adakumbatiritsa mtengo. Ichi ndicho ankadikira.

"Chala chilipo, bwana, sichinathe. Koma tilembe zija ndinanena. Aliyense wamkulu avote. Inu, ine, mkazi wanga."

"Ndikupatsa mitengo khumi iweyo. Uvote wekha."

"Mundipatsa ya yani, bwana?"

A Nallakoya adaweramitsa mutu. Abusala ankaona pamwamba pa mutu wawo, thukuta likuyenderera, ndipo adayamba kale kulingalira mmene akauzire anzake. Ankaganiza kuti palibe munthu angadzimane chakudya pofuna kuti mnzake agone ndi njala. Apa m'pamene adalakwitsa. Zaka makumi anayi akuwayang'ana anthuwa kuchokera kumwamba, koma sadawadziwe.

"Ine kuima pamzere umodzi ndi iwe?" adatero a Nallakoya potsiriza. "Mwina kumbuyo kwako? Bola ndife wosavota."

Adatola ambulera, n'kumapita.

Abusala adakayesa kwa a Sarommabi kuti amunenerere kwa achimwene awo, poganiza kuti amene wangotuluka kumene kukhitchini amakumbukira utsi. Adamumvetsera bwinobwino, adamupatsa ndi tiyi yemwe, m'kapu ya okwera mitengo imene imakhala pa khonde.

"Nkhani yako ndi yomveka," adatero. "Koma nonse mukalowa m'zandale, mitengo yanga akwere ndani? Ya kumpoto ija zipatso zakhwima, upiteko mawa."

Tsiku la chisankho lidafika ndi dzuwa loswa mtengo. Akazi eni mitengo adandanda pabwalo la sukulu atavala nsalu zawo zapaukwati. Kunhibi adali kugombe akumenya makoko, ndipo phokoso la chibonga chake linkamveka mpaka pamenepo. Abusala adali atabweza malaya aja m'mawa, atawachapa. Adali ndi chisoni choti n'kulira nacho ngati mwana, chifukwa voti sadaibweretse, ndipo nyumba yake idali pa malo a eni monga kale.

Amuna onse adali kunja kwa mpanda, a Koya ndi okwera mitengo omwe. A Nallakoya adakhala pa tsinde lakugwa, ambulera ili pamutu. Abusala adapita n'kukhala pa tsinde lomwelo, chinthu chimene atate ake akadachichita akadamenyedwa.

"Sendera uko, iwe."

"Malamulo athu sanena kanthu za tsinde, bwana. Ndinalipo polemba."

Mthunzi wa ambulera udali utagwera pa phewa la Abusala. A Nallakoya atauona, adapendeketsa ambulerayo kumbali kuti mthunziwo usamukhudze, ndipo dzuwa lidawamenya pa dazi penipeni. Adakhala choncho, thukuta likulowa m'maso, mpaka bokosi la mavoti lidatsekedwa.