Kalata ya Ng'ombe za a Nankhoma

Ndinalota ndabwerera kwathu kudzadzipereka kupolisi. Basi inandisiya m'kalasi momwe ndinkaphunzitsa Sitandade 7 zaka makumi atatu ndi zitatu zapitazo, kondakitala n'kunditsitsira sutikesi pa desiki. Dzuwa linali paliwombo. M'malo mwa ana munali ng'ombe zitatu za a Nankhoma, mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo, zomwe achimwene anga a Gelesomu anaba chaka chimene ine ndinapita kunja.

Ng'ombezo zinali ndi malemba pazikopa. Nditayandikira ndinazindikira dzanja langa, lopendekera kumanja, lija ankaliyamikira amishoni. Inali kalata yabodza imene ndinawalembera achimwene, yonena kuti ziwetozo n'zawo ndipo aloledwa kukagulitsa kumsika. Iwo sankadziwa kulemba. Ine ndinkadziwa, moti siginecha ya mlangizi wa ziweto ndinaikhoza kuposa mwini wake.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" inatero ng'ombe yaikazi ya nyanga imodzi. "Tinayenda bwino. Pa rodibuloko palibe anatifunsa kanthu. Ine ndi amene ndinakukwezani ndege."

Ndinaithokoza, poti munthu sungasiye moni uli m'malere.

Chitseko cha kalasi chinatsegukira mumtsinje wathu uja. Fungo lake linali lomwe lija, la matope ndi lupsa lakutali, fungo limene ndinalisaka m'mizinda ya azungu osalipeza, ndipo chibwerereni sindinalimve ndili maso, poti mtsinjewo tsopano ndi ngalande ya majumbo. Polisi inali pakati pa madzi. Mayi wina, sajeni, anakhala patebulo akusenda nzimbe, madzi akumulekeza m'mawondo, mapepala ake osanyowa.

"Ndabwera kudzamangidwa," ndinatero.

"Takulandirani, alendo. Mwachokera kutali?"

"Sindine mlendo, mayi. Mchombo wanga uli paseli pa chulu icho."

Anayang'ana jekete langa, kenako nsapato. "Ovala chonchi kuno sitimanga. Timawapatsa mpando."

Ndinamufotokozera lamulo. Ndinamuuza kuti nkhani imeneyi ndaiwerenga m'zinenero zitatu, m'malaibulale ofunda, kunja kukugwa chipale chofewa, ndipo mabuku onse, ngakhale a maiko odana, pamenepa pokha amagwirizana. Wolozera khola, wobwereketsa chingwe, wolemba kalata, onsewo ndi akuba limodzi ndi amene anatsegula khola. Sasamala kuti tsikulo unali m'kalasi ukuphunzitsa masamu.

"Zimenezo timazidziwa, bambo, sitinadikire inu," anatero sajeni uja akulavula zotsalira za nzimbe. "Koma pa mlandu uwu wogwidwayo anati anali yekha. Khoti linamufunsa katatu kuti kalata analemba ndani, iye n'kumati ndine. Anamupatsa cholembera kuti alembe dzina lake, anachigwira ngati mpini wa khasu, anthu n'kufa nazo nseko. Woweruza anamuwonjezera zaka ziwiri chifukwa cha kuuma mutu. Ngati mukuufuna mlanduwu, akakutchuleni mwini wake. Popanda apo ndinu mlendo basi."

Analoza ndi nzimbe kutsidya. Ndinawoloka.

Geti la ndende linaima lokha pakati pa munda wa chimanga, lopanda mpanda mbali zonse. Komabe palibe amene ankalilambalala, ndipo inenso nzeru imeneyo sinandifikire. Panali mzere wa anthu odzaona abale awo, atanyamula mbale zomanga m'nsalu. Ine ndinalibe mbale. M'thumba ndinapezamo telegalamu yokha ija, yonena kuti achimwene amwalira ndi chifuwa m'chaka chawo chachinayi cha ukaidi. Kumaliro sindinabwere. Ndinali ndi mayeso, ndipo ndinakhoza bwino kwambiri.

Achimwene anali kuseri kwa geti, atakhala pa chitsa, akupota chingwe cha khonje pantchafu. Anavala zoyera za akaidi. Anali akadali mnyamata wa zaka makumi atatu, mapewa omwe aja ankandiwolotsa nawo dambo popita kusukulu madzi akasefukira.

"Lameki," anatero osadabwa, "imvi zimenezi wagula kuti? Tsopano ndizikutcha agogo?"

"Achimwene, mwadzuka bwanji?"

"Ife kuno sitidzuka, sitigona. Iwe kaya?"

Ndinagwada pa mzere wa chimanga. Mlonda wa ndende, munthu wamtali wopanda chithunzithunzi, anandiuza mwaulemu kuti getilo lilibe kiyi. Limatseguka lokha mkaidi akatchula dzina la mnzake wa pa mlandu.

"Achimwene, nditchuleni," ndinatero. "Nenani kuti tinali awiri."

"Ukufunamo chiyani muno? Nsikidzi?"

"Ndikufuna kukhala pomwe muli inupo. Kunja kuno aliyense akundipatsa mpando. Kumudzi ana akundilankhula Chingerezi. A Nankhoma anamwalira osaona nkhope ya amene anawalembetsa m'madzi. Munthu mmodzi yekha wodziwa chimene ine ndili ndinu."

Anapitiriza kupota. Chingwecho chinali chitatalika mpaka kukalowa mumtsinje.

"Tandiuza kaye," anatero. "Kumeneko n'zoona kuti madzi amauma gwa ngati mwala, anthu n'kumayendapo?"

"N'zoona, achimwene."

"Unayendapo?"

"Ndinayendapo."

Anaseka chapansipansi, akupukusa mutu. "Mwana wa amayi anga kuyenda pamadzi! Pakhomo pa Kaphamtengo! Ndinkawauza anzanga muno, ankati ndikunama."

"Ndinayendapo ndi miyendo ya ng'ombe za eni ake."

"Ndikudziwa. Ndinazikusa ndine." Anaika chingwe pansi n'kundiyang'ana. "Mphwanga, wawerenga zambiri, tandithandiza apa. Ndikakutchula lero, ndiye kuti ine ndinafera chiyani?"

Ndinafufuza m'mabuku onse aja. Masamba ake anali makoko a chimanga.

Chitsulo chinalira, nthawi yoona akaidi n'kutha. Mlonda anaima pakati pa geti, nafunsa mwa mawu a munthu wofunsa zomwezo tsiku ndi tsiku: "Gelesomu Kaphamtengo, munali ndi yani?"

Achimwene anaimirira. Getilo linayamba kunjenjemera pamahinjesi, likudikira. Ndinaona milomo yawo ikuumba chilembo choyamba cha dzina langa, ndipo ndinatchera khutu ngati mwana wodikira kuitanidwa kuti alowe m'nyumba mvula ikubwera.

"Ndekha, bwana," anatero.

Geti linakhala chete. Ndinapisa dzanja lamanja pakati pa zitsulo kuti ndigwire ngakhale malaya awo okha. Analilandira, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana zala chimodzichimodzi monga amayang'anira mano a ng'ombe pamsika. Anapukuta dothi linali pachikhatho ndi chala chawo chachikulu. Kenako, pang'onopang'ono, analibweza kunja.

Ndinadzidzimuka kutacha, m'chipinda cha pa resitihausi, dzanja lili kunja kwa neti, udzudzu wakwathu ukulidya osafunsa kuti ndine wa kuti.