Kajuzi ka Brilliant

Mwezi wa Okutobala kuno ku Chama munthu saluka juzi. Pofika 10 koloko malata amakhala akulira okha ndi dzuwa, ndipo ulusi ukaugwira umamata m'manja. Nthawi imeneyi ine ndimaika singano zanga zolukira m'chitini n'kulimbikira masikono. Ndimaphikira mu sefuliya yaikulu: mchenga pansi, timatini ta masikono pamwamba pa mchengawo, kenako lata lovundikira ndi makala ake. Akapsa ndimawaika m'ndowa n'kukhala nawo pakhonde, poti nyumba yathu ili m'mbali mwa njira yopita kumsika. Amuna anga a Justin ndi sikauti wolondera nyama zakutchire ku Chifunda, amabwera mwezi ukatha. Ndiye masiku ambiri timakhala awiri chabe, ine ndi Tamala, mwana wanga wa miyezi isanu ndi iwiri.

Mayi wina anafika Lolemba masana, nthawi imene ngakhale agalu sayenda. Anali wamtali, wa mpata m'mano, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Kumsana anabereka mwana, atamufunditsa chitenje china mpaka kumutu.

"Odi, amake mwana. Ndimwe mumaluka?"

Ndinati ndine. Anakhala pansi osatsamira khoma n'kutulutsa pepala la pulasitiki. Munali ulusi wachikasu wopotanapotana. Ulusi wotere ndimaudziwa, ndi womasula ku chovala china. Nanenso ndimagula majuzi akale pa salaula, pogulitsa zovala za kaunjika, n'kuwamasula, wa m'sitolo ndi wodula.

"Ndifuna kajuzi ka mwana wanga Brilliant. Ka mabatani kutsogolo."

"Juzi, kutentha kuno?"

"Amamva mphepo."

Sindinatsutse. Munthu akabweretsa ntchito sindimufunsa zambiri. Ndinangoti amumasule mwanayo ndimuyeze, chifukwa ine ndilibe tepi, ndimayeza ndi zala ndiponso kumuveka mwana pamene ndikuluka.

"Wagona. Akadzuka amavuta," anatero. Kenako anayang'ana Tamala, amene ankaseweretsa supuni pamphasa. "Muziyezera pa wanuyo. Ni chimodzimodzi."

Anagula sikono imodzi. Ananyema kachidutswa, n'kupititsa dzanja kuseri kwa phewa, kulowetsa m'chitenje muja. Dzanja linabwerera lopanda kanthu. Anachita zimenezi katatu, iye osadyako. Mumtima ndinati, mwana wogona amadya bwanji? Koma masikono ena anali pamoto, ndinathamangira kumeneko. Pobwerera ndinapeza wapita. Pomwe anakhala panalibe nyenyeswa ngakhale imodzi, ndipo nkhuku zanga, zimene sizichoka pakhonde munthu akamadya, zinali zitaima kutali pansi pa mtengo wa mango.

Lachiwiri ndinaluka kumsana kwa kajuziko. Ndinamugoneka Tamala chafufumimba n'kuyala pamsana pake. Zinakwana bwino. Lachitatu ndinamaliza kutsogolo, ndinalumikiza mapewa, ndinamuveka. Ndimayembekeza kuti alira, chifukwa Tamala kukatentha sakonda ngakhale thewera. Sanalire. Anangokhala duu, manja pamwendo, maso kunjira. Kulira kunabwera pomuvula. Anagwira ulusi ndi zala zonse mpaka ndinachita kumasula chala chimodzichimodzi.

Tsiku lomwelo anayamwa pang'ono n'kulisiya bere. Phala anakana. Nditamugwira mapazi ndinapeza ndi ozizira ngati mtsuko wa madzi, pomwe ine thukuta linkatsika mpaka m'chiuno.

Lachinayi mayi uja anadutsanso kudzaona pomwe ntchito yafika. Anatenga kajuziko, osayang'ana n'komwe maluko anga, n'kukanunkhiza.

"Mwamuveka," anatero, akumwetulira.

"Nanga munati bwanji? Manja atsala, ndi mabatani. Mubwere Lachiwiri."

Anawerama pang'ono kuyang'ana Tamala n'kuitana motsitsa mawu, "Brilliant. Bri." Tamala amaopa alendo, ngakhale atate ake akafika amayamba wawalirira. Koma anatembenuka n'kukweza manja onse awiri kuti amunyamule. Ndinamutola msanga n'kumuika pamwendo panga. Ndinadziuza kuti mwana aliyense amatembenukira mawu. Mtolo wa kumsana kwa mayiyo sunagwedezeke nthawi yonseyi, ndipo ntchentche sizinkaterapo.

Lachisanu m'mawa ndinapita ndi Tamala kuchipatala. Anamubaya chala, malungo sanapezeke. Anamumvetsera pachifuwa, anamuyang'ana m'kamwa ndi m'maso, anamuika pasikelo. Nesi anati palibe chimene akuona, ndizimuyamwitsa pafupipafupi chifukwa cha kutenthaku, ndipo akapanda kusintha ndibwerere Lolemba. Pobwerera ndinadzera kumsika kwa Tryness, mnzanga wogulitsa mpunga, amene kwawo ndi ku Kambombo.

"Afika a madamu a bekari!" anakuwa Tryness. "Lero mwatibweretsera chiyani, kapena mwabwera chabe kutionetsa chitenje?"

"Choka iwe. Mwana sali bwino."

Anasuzumira kumsana kwanga, n'kumugwira Tamala patsaya, ndipo kuseka kunatha. Ndinamufotokozera zonse, za ulusi, za sikono, za kuitana kuja.

"Wamtali? Wa mpata m'mano?"

"Eya."

"Ni Jenny uyo, wa kwathu ku Kambombo. Amake Brilliant." Tryness anaika pansi mbale yoyezera mpunga. "Peggy, mwana uja tinaika mu Juni. Ine ndinalipo, ndinaphika nawo pamaliro. Chibayo, nthawi yozizira ija. Anali ndi miyezi itatu."

Ndinawerenga ndi zala. Juni miyezi itatu, Okutobala isanu ndi iwiri, ngati Tamala.

"Nanga kumsana amabereka chiyani?"

"Palibe amene anaona. Apongozi ake anayesa kumumasula, anawaluma dzanja. Ulusi wachikasuwo ndi shawelo imene anamufunditsa tsiku lomaliza. Anakana kuti ilowe m'manda." Anandiyang'ana. "Usandiuze kuti wamuveka Tamala."

"Ndilibe tepi, Tryness."

"Mayo ine! Kwathu chovala cha womwalira sayesera pa wamoyo, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Manje thukuta la Tamala lili mu ulusi umo. Ukamupatsa Jenny kajuzi ako, wapereka mwana ndi manja ako. Katenthe. Lero lomwe, pa mbaula yako ya masikonoyo."

Ndinayenda njira yonse ndikuganiza. Ine zinthu zimene sindinazione ndi maso sindithamangira kuzikhulupirira. Koma mapazi a mwana wanga ndinali nditawagwira ndekha. Za kutentha kajuziko ndinazikana. Ndikatentha, Lachiwiri Jenny abwerabe, ndipo apeza shawelo ya mwana wake ili phulusa, pakhonde pali mwana wina wa msinkhu womwewo. Pamenepo atenga chiyani? Ndinayesa kuimbira a Justin, foni sinalowe, ku Chifunda netiweki imachita kufunidwa pachulu.

Nditafika ndinamasula kajuzi konse, mzere ndi mzere, ntchito ya masiku atatu. Ndinawiritsa madzi, ndinachapa ulusi ndi sopo katatu, madzi ake ndinakataya kuchimbudzi. Ndinauyanika pawaya kuseri kwa nyumba, pofika 14 koloko unali gwa. Ndinayambanso kuluka, koma ulendo uno ndinakhala pansi pa mango, Tamala ali m'nyumba. Ndikafuna kumugwira ndinkayamba ndasamba m'manja mpaka m'zigongono. Msinkhu ndinangoganizira m'mutu. Masikono sindinaphike Loweruka lonse, ana odzagula ankangobwerera pakhonde.

Tamala sanasinthe. Ankayamwa kawiri katatu n'kusiya. Sankalira, sankaseka, ankangotembenuzira mutu kukhomo. Lolemba ndinabwerera kuchipatala monga ananenera. Sikelo inali itatsika pang'ono. Anandipatsa timapaketi ta madzi a mchere ndi shuga, anati Lachitatu akakhala chimodzimodzi amugoneka.

Lachiwiri ndinakoleza mbaula mochedwa, kuti manja akhale ndi chochita. Ndinamugoneka Tamala kuchipinda n'kutseka chitseko. Kajuzi ndinakaika pampando pakhonde, mabatani asanu oyera, ndinachotsa ku malaya akale a a Justin.

Jenny anafika dzuwa lili pamutu. Anakatenga, anakanunkhiza, nkhope inasintha.

"Mwachapa."

"Ndimachapa ntchito yanga yonse ndisanapereke."

"Mwana ali kuti? Mubweretseni timuveke, ndione mmene kakhalira."

"Wagona."

"Ndimuone chabe. Ndimunyamuleko pang'ono."

Anaimirira n'kuponda sitepe ya pakhomo. Ine ndinaima pachitseko. Ndine wamfupi, mutu wanga unkalekeza pachifuwa pake, koma m'dzanja ndinali ndi chitsulo chopalira makala ndipo sindinachibise. Kuchipinda kunali zii.

"Amake Brilliant," ndinatero, "kajuzi aka si ka Tamala. Tamala ali ndi zake. Aka ndalukira Brilliant, ndipo ine ntchito yanga sichoka pano mwini wake asanayese. Mumasuleni."

"Akadzuka amavuta."

"Avute. Ana onse amavuta. Mwati amamva mphepo, nanga mukufuna afike ku Kambombo osavala? Khalani pamphasa apo. Ndimuveka ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwerera m'mbuyo, anagwada pamphasa, anawerama monga timachitira tonse, dzanja limodzi kumsana, lina likumasula mfundo ya pachifuwa. Anautsitsa mtolowo pang'onopang'ono, akuchirikiza kumutu, n'kundipatsa.

Linali bulangete laling'ono la ana, lokulungidwa n'kumangidwa ndi nsanza m'malo atatu, pakhosi, pamimba ndi kumiyendo. Analiveka kadiresi kofiira. Nkhope panalibe, manja panalibe. Koma linkalemera kuposa bulangete, ndipo linali lofunda. Ndinadziuza kuti chilichonse chimene chakhala kumsana kwa munthu kuchokera ku Kambombo chiyenera kufunda. Kunkamveka kafungo ka mkaka, kofanana ndi ka pamutu pa Tamala.

Ndinaliika pamwendo panga. Ndinachita monga ndimachitira ndi mwana wa kasitomala aliyense.

"Bwera kuno, Brilliant, tione ngati anti aluka bwino. Ee, mwana wabwino. Aka ni kako, wamva? Kako wekha. Palibe wina avalenso."

Ndinakazunguliza kumsana, ndinakokera mapewa m'malo mwake, ndinayamba kumanga mabatani kuchokera pansi. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Manja a kajuzi ankalendewera opanda kanthu uku ndi uku. Ndikumanga lachisanu, la pakhosi, dzanja lakumanzere linapindika pakati n'kukwera, nsonga yake n'kudzagona pa chala changa. Kunalibe mphepo. Masamba a mango anali chilili.

Sindinakuwe. Ndinamaliza batani, ndinasalaza kolala.

"Kamukwana," ndinatero.

Jenny anaulandira mtolowo n'kuugunditsa patsaya lake. Anatseka maso. Misozi inatsika, koma mawu ake anali abwinobwino.

"Wafunda manje," anatero. "Kuyambira Juni sanafundepo."

Nthawi yomweyo kuchipinda kunabuka kulira, kwaukali, kokhala ngati mwana walumidwa ndi linthumbu. Jenny sanatembenuke n'komwe. Anaberekanso wake, anamanga mfundo, ulendo uno osamufunditsa kumutu, n'kutsika pakhonde. Ndinamuona akulowa mumsewu wa ku Kambombo, kachikasu kakuonekera pamwamba pa chitenje, iye akugwedeza msana pang'ono ndi kuimba pansipansi.

Ndinasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, mwana akulirabe, ndipo kenako ndinatsegula chitseko. Tamala anali atafiira nkhope, akuponda miyendo m'mwamba, tsitsi lonse lili chonyowa ndi thukuta. Ndinamugwira mapazi. Anali otentha. Ndinakhala pansi pomwepo n'kumupatsa bere, analigwira ndi manja awiri, anayamwa mpaka kutsamwa, anakhosomola, anandilirira mokwiya, n'kuyambiranso.