Nsalu ya Malemu Clara Mulipa

Mayi Clara Mulipa anamva za imfa yawo ali pamzere wotunga madzi ku Bangwe, ndipo uthengawo anauwerenga pamatako a mnansi wawo.

Mnansiyo, Grace, anawerama kuti anyamule chigubu, nsalu yake yatsopano n'kutambasuka. Panali nkhope za amayi anayi. Yachitatu inali ya mtsikana wa tsitsi la afulo, wa maso osaopa munthu, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: Clara Mulipa, Mlembi Wolimba Mtima, 1951–2014.

"Agogo, mwaigomera eti?" anatero Grace akudzitembenuza. "Atipatsa ku banki m'khonde. Loweruka kuli mwambo wa amayi otchuka ku holo ya ku Chilomoni. Onsewa anamwalira, koma akuti kukakhala zakumwa."

Ku Bangwe palibe ankadziwa dzina la Mayi Clara. Anali "agogo a sitiroko" basi, aja okhala m'kachipinda ka kuseri kwa mdzukulu wawo, okoka mwendo, a pakamwa popotoka. Ndani akanakhulupirira kuti m'masiku a chipani chimodzi, pamene amuna a ndevu zawo ankanong'ona ngakhale m'bafa, mphunzitsi wamkazi ameneyu analemba buku lodzudzula olanda katundu wa akazi amasiye? Bukulo linaletsedwa, iwo anakagona kundende, ntchito inatha. Amuna awo, Bambo Eddie, sanadikire n'komwe kuti atuluke: anakwatira wina chaka chisanathe. Ndipo 2014 chinali chaka chimene matendawa anawagwetsa, iwo n'kusamuka ku Zingwangwa kubwera ku Bangwe. Anasamuka kokha, sanafe.

Mtima unawawawa, koma kunena zoona anakondwanso. Anthu ankawakumbukira! Chinangotsala n'kukawauza kuti mlembi wawo akupuma, akudya, ndipo mawu akadali nawo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Loweruka anasita diresi lawo lakutchalitchi ndi dzanja limodzi, n'kukwera maminibasi awiri mpaka ku Chilomoni.

Anafika mwambo utayamba. Pageti panali mlonda, dzina lake pachifuwa: Duncan.

"Opanda nsalu ya yunifomu sakulowa, agogo."

"Mwanawe, nsalu imene ukunenayo ili ndi nkhope yanga."

Duncan anaseka mpaka kugwira geti. "Aaa, agogo, mwadzuka bwino koma? Ndiye mwachokera kumanda ati, ku HHI kapena?"

Phokosolo linatulutsa mkulu wa bungwe limene linakonza mwambowo, mayi wonenepa bwino, wovala nsalu yomweyo koma yosokedwa suti. Anabwera ndi nkhope yothamangitsa wopempha. Mayi Clara anamuzindikira nthawi yomweyo.

"Precious. Fomu 2B, mpando wa pawindo. Unkaluma zolembera."

Precious anauma. Anayang'ana nkhalambayo, n'kuyang'ana nkhope imene inali pamanja a suti yake.

"Madamu?"

Ena akanagwada, ena akanalira. Precious anayang'ana kumanzere ndi kumanja ngati wakuba nkhuku, n'kuwagwira mkono wopuwalawo ndi kuwakokera kuseri kwa holo, kumene kunali makireti a zakumwa.

"Madamu, ndakondwa kukuonani, Mulungu ndi mboni. Koma mwatiika pamoto."

"Pamoto chifukwa ndili moyo?"

"Chaka cha imfa yanu anatipatsa ndi Bambo Eddie. Ali m'katimu, alandira chikho m'malo mwanu. Nsalu tinagawa kale matauni onse. Lipoti linapita kunja. Azungu otithandiza akhala kutsogolo uko, a wailesi ya kanema ayatsa kale makamera. Ndikaimirira n'kunena kuti sole, malemu abwera pa minibasi, mawa pulojekiti yatsekedwa."

"Sindikufuna chikho, Precious. Undipatse maiki. Nditchule dzina langa ndi pakamwa panga, ndiwerenge ndime imodzi, ndizipita."

Precious anayang'ana pakamwa popotokapo, ndipo sanabise zimene ankaganiza.

"Madamu, ndinena mosapsatira. Mtsikana wa pansaluyu amalimbikitsa anthu. Inuyo mukaima kutsogolo kuja anthu angomva chisoni. Komanso tili ndi atsikana ambirimbiri amene tikuwalipirira sukulu m'dzina lanu. Mufuna abwerere kunyumba? Si inu munalemba kuti mkazi azidzipereka chifukwa cha anzake?"

Sanalembepo zimenezo. Analemba zosiyana nazo kwenikweni. Koma zinaonekeratu kuti Precious bukulo analidziwira pachikuto pokha.

Anakwiya kwambiri, ndipo matenda aja ali ndi nkhanza zake: munthu akakwiya, lilime limalemera. Pamene ankalimbana ndi mawu, Precious anali atatenga kale nsalu yotsala, n'kuwamanga nayo m'chiuno mwachangu ngati akumanga mwana wopita kusikelo.

"Mulowe, muonere, mudye. Tidzakuyenderani ku Bangwe zikadzazizira. Koma chonde, Madamu, chete."

Duncan anawalowetsera khomo lakumbuyo n'kuwakhazika pabenchi yomaliza. Atakhala, anazindikira kuti akhalira nkhope yawo yomwe.

"Hii, agogo!" Anali Grace, pambali pawo pomwepo. "Nanunso mwatsatira fanta? Ndinu ochenjera inu!"

Kutsogolo kunali Bambo Eddie, imvi mbuu, suti yakuda, kampango m'manja. Anauza khamulo mmene ankakhalira maso kumuyatsira nyali mkazi wawo akamalemba, mmene ankamutengera chakudya kundende, mmene anamutsekera maso tsiku lomaliza. Mawu awo ankanjenjemera pamalo oyenera. Amayi anapukuta misozi ndi ngodya za nsalu. Ali m'kati molankhula, maso awo anayendayenda mpaka kubenchi yomaliza, n'kukumana ndi a Mayi Clara. Anadukiza pang'ono, anameza malovu, n'kukweza chikho m'mwamba. Holo yonse inawomba m'manja.

Kenaka Precious anatenga maiki.

"Dziko lathu silisamala amayi ake anzeru akadali moyo," anatero, nkhope ili gwa. "Timawakumbukira atapita. Tiyeni tonse tiimirire, tikhale chete mphindi imodzi polemekeza mzimu wa malemu Clara Mulipa."

Mabenchi analira, anthu anaimirira. Mayi Clara anatsala chikhalire. Ichi chokha ndicho chinawatsalira, kukana kudzilira okha. Ndipo poti holo inali zii, anadziwa kuti mawu aliwonse amveka mpaka kutsogolo. Anakoka mpweya, anasonkhanitsa mphamvu zonse, natsegula pakamwa.

"Ndi... ndine..."

Lilime linakana. Chinatuluka chinali kubuula kokha, ngati kwa munthu wotsamwa. Mitu inatembenuka. Wina anati shii! Mzungu wina anasuzumira kumbuyo, ndipo Precious anamumwetulira momupepesa.

Grace anachita manyazi kwambiri ndi mnansi wakeyo. Anawatsina pantchafu, n'kuwalowetsa dzanja m'khwapa, mayi wina n'kugwira mbali inayo. Anawadzutsa mokakamiza, mwendo wopuwala ukulendewera.

"Imirirani, agogo inu, mulibe ulemu?" Grace anawanong'oneza mwaukali. "Mayi ameneyu anavutikira ife. Inu munachitapo chiyani pamoyo wanu?"

Ndipo anawagwira choncho, chiimirire, mpaka mphindiyo inatha.