Bokosi la a Yohane

Mlamu wanga Henry ndi munthu woti akaona nkhuku ikuikira amayamba kuiphunzitsa kaikiridwe ka dzira. Anakwatira mng'ono wanga Madalo ali ndi kapepala ka zamalonda koma ntchito alibe, ndiye m'malo mosaka ganyu anatembenukira ku shedi ya bambo athu, a Nikolasi, amene anayamba kukhoma mabokosi a maliro ku Ndirande ife tisanabadwe.

"Bambo, bizinesi yanuyi ikugona," anatero tsiku lina, maso ali pa foni. "Masiku ano kasitomala ali pa Fesibuku. Ndisiyireni ineyo."

Bambo sadziwa kukaniza mkamwini. Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupala thabwa.

Henry anatsegula peji m'dzina la bambo, n'kudzazamo zithunzi za mabokosi. Palibe analayika, nanga ndani wamutu wake angalayike bokosi? Apa mpamene anatulukira nzeru zake zonunkhazo. Munthu akangolengeza maliro pa Fesibuku, anzake akulemba kuti mzimu uuse mumtendere, iye ankalowererapo ndi chithunzi cha bokosi ndi nambala ya foni. Ndinamuuza kuti akutichititsa manyazi. Kwa bambo, anamfedwa amabwera okha, amapatsidwa mpando, amapepesedwa, za bokosi zimabwera pambuyo.

"Alamu, inu maketing'i simuidziwa," anandiyankha. "Ukadikira maliro ndiye kuti wachedwa kale."

Ndinkayesa akungobwebweta monga mwa masiku onse.

Kenako a Yohane anadwala. Awa ndi mnzawo wa bambo wa ponda apa nane mpondepo. Anachokera limodzi ku Nsanje ali anyamata, amapemphera mphakati umodzi, ndipo ndi amene anandiimirira pa ubatizo wa mwana wanga. Mwana wawo Ethel analemba pa Fesibuku kuti bambo ake agonekedwa kuchipatala cha Gulupu, anthu awathandize kupemphera. Henry ankawadziwa bwino lomwe, anadyapo kwawo kangapo. Komabe analemba pansi pake, m'dzina la bambo: "Tili nanu m'mapemphero. Zikavuta, musapite kutali." Anaikanso chithunzi cha bokosi lavanishi, la zogwirira zonyezimira.

Pamene Madalo ankamukakamiza kufufuta, chithunzicho chinali chitazungulira kale magulu onse a Watsapu a kutchalitchi. Ndinapsa mtima kwambiri, koma choopsa kwa ine chinali choti bambo ataya mnzawo yekhayo amene anawatsalira m'tauni muno.

Mulungu si Henry, a Yohane anachira. Loweruka lina anatulukira ku shedi, ataonda, akuyendera ndodo, akazi awo atawagwira mkono. Katswiri wathu wa maketing'i atawaona anazemba n'kukabisala kuseri kwa matabwa ngati khoswe.

Bambo anavula chipewa n'kukoka mpando. A Yohane sanakhale.

"Ndabwera kudzaona bokosi langa," anatero.

Analipeza okha, lavanishi lija, n'kulisisita pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka kumiyendo.

"Mwakhoma bwino, a Nikolasi. Msinkhu wanga mumaudziwadi."

"Mbale wanga, ine za mafonizi sindizidziwa," anatero bambo. "Ndi ana awa."

"Dzina linali pamenepo ndi lanu. Mkazi wangayu anaona chithunzicho ali pambali pa bedi langa, akundimwetsa phala. Anthu akumufunsa mpaka lero kuti kodi a Nikolasi anadziwiratu chiyani."

Bambo anayamba kupindapinda chipewa chija m'manja. Sindinawaonepo atachepa chonchija, ndipo ndinamuda Henry ndi mtima wanga wonse.

"Ana ndawauza kale," anapitiriza a Yohane. "Tsiku langa likadzakwana adzandikulunge m'mphasa, koma pano asadzapondepo."

Anatembenuka kuti azipita. Bambo anavala chipewa msangamsanga kuti awaperekeze mpaka pa siteji ya minibasi. A Yohane anamva mapazi kumbuyo kwawo koma sanacheuke.

"Bwererani, a Nikolasi," anatero. "Mungaphonye makasitomala."