Kamsomali ka Pakhosi

Bala laling'ono la pakhosi ine sindilikhulupirira. Wodwala wobwera ndi womuyankhulira ndiye amandikayikitsa koposa. Masana amenewo zinandipeza zonse ziwiri.

M'chipinda cha anthu angozi munalowa atatu: kalipentala atagwira nsanza pakhosi, mkazi wake, ndi mng'ono wake wa kalipentalayo, amene pakamwa pake sipankapuma.

"Anesi, ndi kamsomali chabe," anatero mng'onoyo. "Achimwene anaterereka ku shopu. Ingosokani tizipita."

Ndinasuzumira pansi pa nsanza ija. Msomali umasiya bowo lozungulira, koma apa panali kamng'alu kophwatalala ngati chikhadabo. Magazi sankatuluka ambiri, chonsecho khosi linkatupa mbali imodzi ndikuona. Mantha anandigwira, ndipo ndinathamangira adokotala.

"Bambo, mukupuma bwanji?" anafunsa adokotala atafika.

"Akupuma bwinobwino," mng'ono uja analumphira.

"Ndafunsa eni khosi."

Kalipentala anayesa kuyankha, koma mawu anatuluka osasa.

"Awa akamayankhula amamveka mpaka kumsewu," anatero mkaziyo. "Mawu awa si awo." Ankanena izi maso ali pa mlamu wake.

Adokotala anatembenukira kwa mng'onoyo. "Bala lotere sitilipisa chala kuti tione kuya kwake, tingatsegule mtsempha. Ndiye tidalira inu. Chinalowacho n'chotalika bwanji? Ngati n'chachifupi, tiyamba tajambula. Ngati n'chachitali, tikupita ku fiyeta kukachita opaleshoni pompano, njira ya mpweya isanatsekeke."

Mng'onoyo anakweza dzanja n'kusiya kampata pakati pa zala ziwiri, koti ngakhale ntchentche ikanadutsa chammbali. "Chonchi basi." Thukuta linali kamukamu.

"Alamu," anatero mkaziyo motsitsa mawu, "nanga tchizulo chija mumachitsukiranji pampopi?"

Ndinapsa mtima, moti lilime linandiyabwa, koma ndinadzigwira. Munthu ankaopa apolisi kuposa maliro a mkulu wake!

Pamenepo kalipentala anatambasula dzanja. Anagwira zala za mng'ono wake zija n'kuzikanula pang'onopang'ono mpaka pomwe zikanathera.

"Ku fiyeta," anatero adokotala, akumasula mabuleki a bedi.

Tinakankha bedi chothamanga. Kalipentala sanasiye dzanja lija, ndiye mng'onoyo anathamanga nafe m'mbali mwa bedi, akugunda zitseko ndi phewa.

"Achimwene, sindinafune," ankalira. "Adokotala, chinalowa mpaka pachigwiriro!"