Mlandu wa Adalaivala

Adalaivala anasiya kalekale kuyendetsa malole a maulendo ataliatali, koma dzinalo linawakakamira. Mbiri ya ntchitoyo nayonso sinawasiye, paja anthu amati woyendetsa lole ali ndi mkazi paliponse pamene amaima.

Ndiye mkodzo utayamba kuwavuta, kumaima nthawi yaitali kuchimbudzi n'kungotuluka timadontho, akazi awo sanafunse zambiri.

"Mwabwera nazo za kumsewu," anatero, n'kunyamula bulangete lawo kupita kuchipinda cha ana.

Adalaivala analumbira mpaka malovu kuuma. Koma kuchipatala sanapite, poopa kuti dokotala akangokayikira pang'ono, mlandu uwagwera. Kuopa kwakeko kunali kopusa, ndipo kukanaku kunangowonjezera umboni. Mayiwo anamwalira akugonabe kuchipinda chija.

Tsiku lina m'mawa mkodzo unatsekekeratu. Mwana wawo wamkazi, amene kuyambira pa maliro ankangowapatsa moni wa pakhomo, anawatengera kuchipatala mimba itauma gwa.

Anawaika kapaipi kotulutsira mkodzo, thumba lake linadzaza. Anawatenga magazi, anayeza mkodzo, anawapaka mafuta ozizira pamimba n'kuunika ndi makina. Kenako dokotala anavala magulovu n'kuwauza agone cham'mbali, mawondo apinde. Adalaivala anayang'ana khoma, manyazi atawagwira.

"Bambo, pansi pa chikhodzodzo pali kachiwalo kotchedwa pulositeti," anatero dokotalayo akusamba m'manja. "Kanu katupa, kakufinya njira ya mkodzo. Zimachitika kwa abambo ambiri akamakula. Khansa sindikuiona, ndipo mankhwala alipo."

Za khansazo sanazimve n'komwe.

"Adokotala, si matenda otenga kwa akazi?"

"Ayi ndithu. Ndi ukalamba basi."

"Chonde, mundiitanire mwana wanga ali panjapo. Munenenso zomwezo."

Mwanayo analowa, chikwama chili m'manja. Dokotala anabwereza, akudabwa kuti nkhani yabwino ikuwaliza bwanji akuluakuluwa. Mwanayo anakhala pa mpando n'kugwira dzanja la bambo ake koyamba chimwalirire mayi.

"Ababa, bwanji simunabwere kale?"

Adalaivala anapukuta misozi ndi dzanja linalo.

Atafika kunyumba masana, anaima pa chitseko cha chipinda cha ana, thumba la mkodzo litamangidwa kumwendo. Bulangete lija linali lopindidwabe bwinobwino pa bedi.

"Mayi a ana," anatero chapansipansi, "akuti ndi ukalamba."